Sabata ikathera kumsika ndi kuchigayo, zosokasoka zichitika liti?

Yabwera kalata kuchokera kwa mphunzitsi wina wa pulayimale wa cha ku Katete. Dzina sinditchula, ndipo mawu ake ndawafupikitsa:

"Amayi, ndimakonda kusoka, kujambula ndi kuluka. Chaka chatha ndinagula makina osokera ndi ndalama ya chilimba, koma angokhala pakona. Lolemba mpaka Lachisanu ndili kusukulu, madzulo ndichonge mabuku a ana. Loweruka limathera kumsika, kuchigayo ndi kuchapa, pa Sondo ndi kutchalitchi. M'kabati muli chofunda cha zigamba chosatha, kachipewa ka mwana kosatha, ndi buku la zithunzi la ana limene ndinalekera pakati. Apongozi anga akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kodi ndisiye zonse nditsale ndi chimodzi? Nanga inu sabata yanu imayenda bwanji kuti muzitulutsa zikwama zimene mumationetsa zija?"

Mng'ono wanga, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Funso loyambalo ndiyankhiretu: musasiye chilichonse. Apongozi ndi akulu, ndipo mwambiwo ndi woona, koma pusi wa m'mwambimo ndi munthu wotaya cha m'manja akaona china chowala. Inu simunataye kanthu. Zitatu zonsezo mwazisunga, mukuzikumbukira, zikukuwawani mumtima mpaka mwandilembera. Zaima chifukwa mukudikira tsiku lathunthu lopanda chochita, loti mudzuke m'mawa n'kukhala pamakina mpaka dzuwa kulowa. Kwa mayi wapabanja amene alinso ndi kalasi, tsiku lotero silibwera. Chiyambire maphunziro aulere muno mu Zambia mu 2022 makalasi a boma anadzaza, ndipo aphunzitsi amene ndimapemphera nawo amaweruka atasenza mulu wa mabuku ochonga. Kutopa kwanu n'koona, musadziimbe mlandu wa ulesi.

Chimene chimandithandiza ine n'chakuti kusoka sindikuona ngati ntchito imodzi. M'chikwama chimodzi cha chitenge muli tintchito tambirimbiri, ndipo tofuna makina ndi tochepa. Tamverani. Nsalu iyenera kuchapidwa isanadulidwe, chifukwa chitenge cha thonje chimafupika chikalowa m'madzi koyamba, ndipo china chimasuluka. Mukasoka chosachapa, chikwama chidzakwinyika m'misoko tsiku limene mwini wake adzachichape. Kuchapako sikufuna tsiku lake. Ndi Loweruka lomwelo mukuchapa za ana, kungoti m'beseni lakelake ndi madzi ozizira. Kusita kumalowa limodzi ndi mayunifomu madzulo a pa Sondo. Kudula ndiye kumafuna kuwala kwa dzuwa ndi mutu wosasokonezeka, pakuti mukaphonya ndi sizasi palibe kubweza, choncho ndimadula masana, zikwama zingapo nthawi imodzi, n'kuika zidutswa za chikwama chilichonse m'pulasitiki yakeyake pamodzi ndi zipi yake ndi ulusi wake. Pofika pamakina zonse zimakhala zili chile, ndipo msoko wa chikwama chodulidwa kale sutenga nthawi yoposa imene nyemba zimatenga pamoto. Zotsala, monga kusokerera batani, kudula timaulusi tolendewera ndi kutseka kabowo kotembenuzira, ndi za singano ya m'manja, zochitira paliponse pamene munthu wakhala pansi.

Ndiye mukandifunsa kuti ndimasoka tsiku liti, yankho lake n'lovuta, chifukwa chikwama chimayenda nane sabata yonse.

Za misika ndilankhule motalikirapo, chifukwa m'kalata mwanu mwaiika ngati mbala yokuberani nthawi. Kwa ine luso limadya komweko. Ndikatsikira ku Down Shops, kumashopu a kuno ku Chipata, kukagula sopo ndi mchere, ndimagulanso mazipi, ulusi ndi singano za makina, ndipo ngakhale ndisagule chitenge ndimaima kaye kuona mitundu imene yabwera. Chitenge chogula chathunthu cha mayadi 6 kapena cha mamita 2 ndimachisiyira chikwama chimene munthu waitanitsa. Zambiri zimene mumaona zija zimachokera pansi pa makina a matelala a ku Kapata Market. Telala aliyense ali ndi thumba limene amakankhiramo zodulira ndi phazi. Mukalikhuthula pamphasa mumapeza zonse: mzere wopyapyala wa diresi ya mkwatibwi, chidutswa cha yunifomu ya kwaya, kachigamba ka chitenge cha msonkhano wa mpingo kali ndi theka la chilembo, timaulusi ndi fumbi la choko. Matelala ena amangokupatsani, ena amafuna kangachepe, ndipo n'koyenera kuwapatsa osanyinyirika. Bambo wina wachikulire amene ndimatengako amandipatulira zazikuluzikulu chifukwa sindimudutsa osapereka moni, ndi tsiku limene sindikufuna kanthu lomwe. Ku Katete matelala aliponso pamsika. Mukamapita kukagula tomato, nyamulani thumba lopanda kanthu.

Kusankha zidutswazo ndi ntchito ya madzulo ndi ana. Zofiira uku, zobiriwira uku, zamaluwa akuluakulu pazokha. Ana amakondwa nayo, ndipo inu maso anu amayamba kuona kuti kachikasu aka kakakhala pambali pa chakuda kamadzuka, pambali pa choyera kamazilala. Zimenezi palibe amene angakuphunzitseni ndi pakamwa.

Pa salaula ndimafuna zimene ena akuzikana. Jinzi yaikulu yong'ambika pabondo palibe woigula, ndipo madzulo wogulitsa amatsitsa mtengo kuti asabwerere nayo. Miyendo yake ndiyo imalimbitsa pansi pa chikwama, matumba ake akumbuyo amasanduka moika foni m'kati. Malamba akale achikopa amandipatsa zogwirira ndi zitsulo zomangira. Apa samalani singano: chitenge chimayenda bwino ndi nambala 14, koma jinzi, makamaka pamene misoko yakumana, imafuna 16 kapena 18. Mukakakamiza yaing'ono imathyoka kapena kudumphitsa msoko, munthu n'kumaganiza kuti makina awonongeka.

Ndiponso maganizo a chosoka amabwera uli panjira. Chipata ndi tawuni ya njinga kuyambira kale, mpaka kunali fakitale ya njinga za Eagle muno, ndipo lero njinga zamoto zawonjezerapo. Kuona amayi atakwera pakaliyala, dzanja limodzi lagwira chishalo, lina lapanikiza chikwama pamimba kuopa kugwa, n'kumene kunandipatsa nzeru yosoka chikwama cha lamba wautali wopingasa pachifuwa, chotseka ndi zipi, kuti manja onse akhale omasuka. Ndikanakhala m'nyumba tsiku lonse monga mukulakalakiramo, sindikanachiona.

Kuchigayo, kusikelo ya ana, podikira basi, pamzere uliwonse, pamenepo ndi pa kachipewa kanu kaja. Kaikeni m'pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi kasingano kake kokowera, kazikhala m'chikwama chimene mumayenda nacho, osati m'kabati. Pulasitikiyo n'njofunika chifukwa fumbi la ufa likalowa mu ulusi silichoka msanga. Mizere iwiri lero, itatu mawa, mudzangoona kafika pothera. Amayi a pamzere adzayamba kufunsa, ena adzakuonetsani kalukidwe kamene simukadziwa. Maulendo ena angochotsedwa: mayunitsi a magetsi ndi bilu ya madzi ndimalipira pafoni ndi Airtel Money kapena MTN, ndipo mwana wamkulu akhoza kutumidwa pakantemba. Otsalawo ndimawaphatikiza tsiku limodzi kuti masiku ena ndisatuluke.

M'kalata simunanene ngati makina anu ndi amagetsi kapena opalasa ndi mapazi. Nkhaniyi ndi yaikulu. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo amene ankadalira makina amagetsi ankadzuka pakati pa usiku kuthamangitsana nawo. A makina opalasa ankangosoka. Ngati anu ndi aja akuda achitsulo, a mtundu wa Butterfly kapena Singer yakale, mutu wake womwewo umatha kuikidwa patebulo lopalasa kapena kumangiridwa chopukusa ndi dzanja, ndipo amakanika a makina osokera amaidziwa ntchitoyi. Ine ndimakonda opalasa, chifukwa liwiro lake lili m'mapazi mwanu, pokhota mumachepetsa mmene mukufunira. Nsimbi ya malasha nayonso isakusoweni pakhomo, kungoti muziyala kansalu koyera pamwamba pa chimene mukusita kuopa phulusa ndi tizinyenyeswa ta moto. Nyale ya sola imakwana pa ntchito ya m'manja, koma nsalu yakuda musasoke nayo usiku, maso adzakuvutani msanga.

Tsopano chofunda cha zigamba. Chimenechi n'chachikulu, chimafuna malo oyala pansi ndi masiku otsatizana, ndiye musalimbane nacho m'kati mwa temu. Inu muli ndi chimene ine ndilibe: holide ya Epulo, ya Ogasiti ndi ya Disembala. M'kati mwa temu muzingolumikiza timabwalo ting'onoting'ono ta zigamba, kamodzi lero, kena Lachinayi, n'kumaunjika. Pa holide ya Epulo mudzayale tonse pamphasa, mulumikize, muike bulangete lakale pakati ndi nsalu yakumbuyo, kuti chisanu cha Juni ndi Julayi chidzapeze chili pabedi. Disembala ndi wa kumunda ndi alendo, musamuwerengere kwambiri.

Mwina mumtima mukuganizanso zogulitsa, pakuti makina a ndalama ya chilimba amafunika abweze. Kuno ndalama imayenda ndi nyengo. Januwale ndi Febuluwale anthu ali pa feteleza, zofunika kusukulu ndi njala, ndipo chikwama chokongola sachiyang'ana kawiri. Akagulitsa chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje, kuyambira chapakati pa chaka, m'pamene m'manja mumakhala kanthu. Inu muli pafupi ndi Mkaika, kumene mwambo wa Kulamba umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique n'kusonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu ochoka kutali amafuna kachinthu kobwerera nako kwawo, ndipo mwambowo umagwa nthawi imene mwapumako kusukulu. Kuno kwathu tili ndi mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale. Koma musathamangire kudzaza thumba la malonda chaka chino. Sokani zochepa zooneka bwino, misoko yowongoka, zipi yosakakamira, ndipo poika mtengo muwerengere ulusi, zipi, ulendo ndi nthawi yanu. Ambiri amaiwala nthawiyo, n'kumadabwa kuti akugulitsa koma ndalama siikuoneka. Za ngongole muchenjere ndi aphunzitsi anzanu. Mawu akuti "ndidzakupatsani mwezi ukatha" athetsa maubwenzi ambiri, ndipo ndi bwino kunena poyamba pomwe, mwaulemu, kuti theka litsogole.

Kujambula ndi kusoka mwazilemba ngati zinthu ziwiri zolimbirana nthawi yanu. Ku Mfuwe, kufupi ndi nkhalango ya South Luangwa, kuli malo otchedwa Tribal Textiles kumene ziwirizi ndi ntchito imodzi. Amajambula chithunzi pansalu ya thonje ndi phala la fulawa, likauma amapaka penti ndi manja m'mipata, amaotcha nsaluyo mu uvuni kuti penti igwire, kenako amachapa n'kupala phala lija, pamalo pake n'kutsala mizere yoyera. Akatero osoka amapanga mapilo, nsalu za patebulo ndi zikwama. Komweko kulinso a Mulberry Mongoose amene amapanga ndolo ndi zibangili ndi waya wa misampha yotoledwa m'nkhalango. Ndikutchula amenewa kuti muone kuti m'chigawo chathu chomwechino anthu akudyera luso la manja, ndi zipangizo zimene tonse timazidziwa. Njira ya phalayo mukhoza kuiyesa pakhomo: kansalu koyera kochapa kale, phala lopyapyala m'kabotolo koboola pachivindikiro, penti ya nsalu, ndi nsimbi yotentha kumbuyo kwake m'malo mwa uvuni. Munthu wodziwa kujambula ngati inu akhoza kutulutsa chikwama chimene wina aliyense pamsika alibe.

Pali masabata ena amene palibe chimene chingachitike, ndipo muwavomereze. Maliro akagwa pamudzi kapena mumpingo, timapita, timagona komweko, timaphika, timatunga madzi. Kumeneko musatenge zoluka, ngakhale usiku utalike bwanji. Manja akhale a ntchito ya pamaliropo. Mwana akadwala n'chimodzimodzi. Chimene chimapha ntchito zambiri ndi pobwerera, munthu wayang'ana mulu wa nsalu osakumbukanso kuti analekera pati, mtima n'kugwa mphwayi. N'chifukwa chake ndikamanyamuka pamakina ndimasiya chotsatira chili choonekeratu: zidutswa ziwiri zogwirizidwa kale ndi mapini, kapena kapepala kolembapo kuti "kwatsala lamba ndi thumba la m'kati". Ngakhale papite sabata ziwiri, ndimangokhala pansi n'kupitiriza.

Mwafunsa za sabata yanga, ndiye ndinene ndi zimene sizigulitsidwa. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka repu, anyezi ndi bonongwe, kothirira m'mawa ndi madzi otsukira ndiwo. Nthawi ya dzinja ndimathyola nkhwani ndi khwanya wambiri, n'kufutsa, kuyanika, mfutso wake tidzadye mu Okutobala ndiwo zikadula. Madzulo ena ndili ku kwaya. Zimenezi sizibweretsa ngwee, ndipo sindifuna kuti zibweretse. Anthu akaona munthu ali ndi luso amafulumira kunena kuti bwanji osagulitsa, ndipo amanena mokufunirani zabwino. Koma chilichonse chikakhala cha oda, chokhala ndi tsiku loti chithe ndi mwini wake woimba foni, mtima umayamba kuchiopa. Ndikatopa ndi zikwama za anthu ndimakapalira m'dimba, pobwera manja amafunanso nsalu.

Kwa inu, buku la zithunzi lija likhale lotero. Musalifunire wosindikiza panopa, musaliikire tsiku. Mabuku a ana a m'chinenero chathu ndi ochepa, ndipo inu muli ndi owerenga m'kalasi mwanu tsiku ndi tsiku. Jambulani tsamba limodzi, Lachisanu mukawaonetse ana nthawi yotsala pang'ono kuweruka, muone pamene aseka, pamene afunsa, pamene ayamba kuyang'ana panja. Akadzayamba kukufunsani kuti madamu, nanga kalulu uja zinamuthera bwanji, tsamba lotsatira lidzajambulika lokha. Pensulo ndi kabuku kopanda mizere zizikhala m'diresi ya tebulo lanu kusukulu, za nthawi ya buleki.

Za apongozi ndi bambo a kunyumba, musakangane nawo. Munthu amene sanaonepo chinthu chotha kuchokera m'manja mwanu ali ndi chifukwa chokayikira. Chinthu choyamba kutuluka pamakinawo chikhale cha apongozi anu: kachikwama konyamulira Baibulo ndi buku la nyimbo popita ku chigwirizano cha amayi, ka mtundu wogwirizana ndi yunifomu yawo, kokhala ndi kathumba ka ndalama ya chopereka m'kati. N'kosavuta, misoko yake ndi yowongoka yokhayokha. Anzawo akakawafunsa kuti mwagula kuti, adzayankha okha kuti wasoka ndi mpongozi wanga, ndipo mukadzapempha kuti akugwirireni mwana Loweruka masana, pempholo lidzamveka. Bambo muwauze nthawi yeniyeni imene mukufuna, monga Loweruka mukatha nsima ya masana mpaka dzuwa litapendeka. Anthu a m'nyumba amalemekeza nthawi yotchulidwa kuposa kungoti ndikufuna mpata.

Makinawo, popeza akhala chaka osayenda, musayambe ndi nsalu yabwino. Achotseni pakona muwaike pafupi ndi windo, pamalo poti azikhala osasunthidwa, chifukwa makina ofuna kunyamula ndi kufukula nthawi iliyonse sagwiritsidwa ntchito. Tsegulani kachitsulo ka pansi pa singano, muchotse fumbi ndi timaulusi ndi kaburashi kakale ka mano. Donthezani mafuta a makina osokera, dontho limodzi pa kabowo kalikonse ndi pamene zitsulo zikukhudzana, osaiwala mozungulira bobini. Mafuta ophikira musayerekeze, amauma n'kumata zitsulo, ndipo oyilo ya galimoto ndi yolemera. Zunguzani gudumu ndi dzanja mpaka limveke lopepuka, ikani singano yatsopano, kenako sokani pachigamba chotha ntchito mpaka mafuta aleke kudetsa ulusi. Ngati ulusi ukubulungana kunsi kwa nsalu, kawirikawiri vuto limakhala pamwamba: tulutsani ulusi wonse muulowetsenso phazi la makina lili lokweza. Ngati ndi opalasa ndipo lamba wachikopa watayirira, amadulidwa pang'ono n'kulumikizidwanso ndi kawaya kake komweko.

Mundilembere mtundu wa makinawo ndi kukula kwa Baibulo la apongozi anu, ndikutumizireni miyezo ya kachikwamako.